Boma likasanduka wopereka katundu: zida za boma m'makontirakiti opanga sitima zankhondo

Sitima yankhondo ikamalowa m'madzi koyamba, dzina limene limatchulidwa ndi la kampani imene yaiwotcherera. Anthu amati iyi ndi ya Bath Iron Works, iyo ndi ya Ingalls. Komatu zambiri mwa zinthu zimene zimachititsa kuti chitsulo choyandamacho chikhale sitima yomenyera nkhondo, kampaniyo sinazisankhe ndiponso sinazigule. Pa sitima za dziko la America za mtundu wa Arleigh Burke, zomwe yoyamba inayamba ntchito mu 1991, makina otsogolera nkhondo otchedwa Aegis amachokera ku Lockheed Martin, ndipo radar (chida choonera ndege, mizinga ndi sitima zili patali) yatsopano ya SPY-6 imachokera ku Raytheon. Amene amagula zimenezi ndi asilikali a pamadzi eni ake, pa makontirakiti ena apadera. Akagula amazitumiza ku Bath m'chigawo cha Maine kapena ku Pascagoula m'chigawo cha Mississippi, kumene kuli makampani awiri aja, kuti akazimangirire m'sitima.

Katundu wotere ku America amamutchula mwachidule kuti GFE, kutanthauza zida zoperekedwa ndi boma. Ku Britain amakonda kunena kuti GFA, pophatikizamo zida, zikalata, nyumba ngakhalenso anthu amene boma labwereka kwa kampani. Dzina lingasiyane, koma nkhani yake ndi imodzi, ndipo ndi yovuta kuposa mmene imamvekera. Pa kugula kwa masiku onse, wogula amalipira n'kudikira. Pano wogula yemweyo walonjezanso kubweretsa mtima wa chinthu chimene akugulacho, pa tsiku lakutilakuti, chili bwinobwino. Akachedwa, wachedwetsa yekha sitima yake, ndipo alipiranso chifukwa cha kuchedwako. Ine ndimaona kuti mavuto ambiri a GFE amayambira pamenepa: boma limazolowera kukhala bwana wofunsa chifukwa chimene ntchito yachedwera, n'kuiwala kuti pa kontirakiti imeneyi nalonso ndi mmodzi mwa operekera katundu.

Nanga n'chifukwa chiyani boma limadziika m'goli limeneli? Zifukwa zake n'zomveka. Radar imodzi kapena chotulutsira mizinga chimodzi chimagwiritsidwa ntchito pa mitundu ingapo ya sitima. Zotulutsira mizinga za Mk 41, mwachitsanzo, zili pa sitima zambirimbiri za America ndi za mayiko ogwirizana nalo. Boma likagula zambiri nthawi imodzi mtengo umatsika, ndipo sitima zonse zimakhala ndi zida zofanana, choncho msilikali wophunzira pa sitima ina savutika akasamutsidwa, ndipo zosinthira zake zimakhala zimodzimodzi. Palinso nkhani ya phindu. Kampani yopanga sitima ikagula yokha chida chodula, imaikapo phindu lake ndi ndalama zoyendetsera ntchito, ndiye boma limalipira kawiri. Zida zina n'zachinsinsi kapena zoopsa kwambiri moti sizingasiyidwe m'manja mwa kampani. Makina a nyukiliya oyendetsa sitima zonyamula ndege ndi sitima zoyenda pansi pa madzi amayang'aniridwa ndi ofesi ya Naval Reactors, imene ili pansi pa asilikali a pamadzi komanso unduna woona za mphamvu zamagetsi ndi nyukiliya, ndipo zigawo zake zikuluzikulu zimaodedwa zaka zingapo sitima isanayambe kudulidwira chitsulo.

Ngakhale zili choncho, malamulo ogulira zinthu a boma la America, otchedwa Federal Acquisition Regulation, m'gawo 45, amayambira mbali inayo. Mfundo yake ndi yakuti kampani ndiyo iyenera kudzipezera katundu yense wogwirira ntchito, ndipo boma lipereke lake pokhapokha zitaoneka poyera kuti phindu lake likuposa mtengo woyang'anira katunduyo komanso chiopsezo chimene boma likudzisenzetsa. Amene analemba lamuloli ankadziwa kuti ndalama imene yapulumutsidwa pogula ikhoza kutha yonse, n'kupitirira, pa mlandu umodzi wa kuchedwa.

Kuti timvetse kukula kwa kuchedwako, tiyenera kuona mmene sitima imapangidwira masiku ano. Sapanga chigoba chonse kenako n'kuyamba kulowetsamo zinthu. Amapanga zigawo zikuluzikulu padera, chilichonse n'kuchiikiratu mapaipi, mawaya, mipita ya mpweya ndi makina chikadali chotsegula, nthawi zina chitatembenuzidwa chadodolido kuti wowotcherera agwire ntchito ataweramira pansi m'malo moyang'ana kumwamba. Kenako zigawozo amazinyamula ndi makina onyamulira katundu wolemera n'kuzilumikiza. Opanga sitima ali ndi kawerengedwe kawo kongoyerekeza kamene amakatchula kuti 1-3-8: ntchito yotenga ola limodzi m'nyumba yogwirira ntchito imatenga maola atatu zigawo zikalumikizidwa, ndipo imatenga maola asanu ndi atatu sitima ikakhala kale pamadzi. Si masamu enieni, koma aliyense amene wanyamulapo chida cholemera kudutsa pa makwerero opapatiza a m'sitima amavomereza.

Ndiye taganizirani bokosi lalikulu la makompyuta a radar limene linayenera kulowa m'chipinda chake denga lisanatsekedwe. Tsiku lafika, bokosi kulibe. Kampani ili ndi njira ziwiri, zonse zowawa. Ikhoza kuimitsa chigawocho, koma kumbuyo kwake kuli zigawo zina pamzere, makina onyamulira anasungitsidwa kale, ndipo malo omangirapo sitima akudikiridwa ndi sitima yotsatira. Kapena ikhoza kutseka denga n'kupitiriza, podziwa kuti bokosilo likadzabwera adzaboola khoma lachitsulo, kuchotsa mapaipi ndi mawaya amene anaikidwa kale, kulowetsa bokosi, kuwotcherera, kuyeza zowotchererazo, kupentanso, n'kuyesanso zonse zimene zinasokonezedwa. Kuchedwa kwa milungu ingapo pa chida chimodzi kumafalikira mpaka pa sitima ina imene ilibe nacho chochita. N'chifukwa chake m'makontirakiti a asilikali a pamadzi a America muli ndandanda, imene kawirikawiri imatchedwa Schedule A, yolemba chida chilichonse chimene boma lidzapereke, kuchuluka kwake, ndi tsiku limene chiyenera kukhala chitafika pamalo opangira sitima. Tsiku limenelo silichokera pa tsiku lopereka sitima kwa eni ake. Limachokera pa tsiku limene chipinda cha chidacho chidzatsekedwe, ndipo nthawi zambiri pamakhala zaka pakati pa masiku awiriwa.

Koma chimene anthu ambiri sachiganizira n'chakuti chida chisanafike, uthenga wake umafunika kale kwambiri. Wojambula mapulani a sitima sangadikire kuti aone radar ndi maso. Akufuna kudziwa kulemera kwake, kutalika kwake, pamene pali mabowo a mabawuti, magetsi amene imadya, kutentha kumene imatulutsa, madzi ozizira amene imafuna pa mphindi, mtundu wa mawaya ndi pamene amalowera, ndiponso mpata umene msilikali adzafunike kuti atsegule chitseko chake pokonza. Uthenga woterewu umatchedwa GFI, kutanthauza uthenga woperekedwa ndi boma, ndipo uli ndi ndandanda yakeyake ya masiku. Pano mpamene pamagona vuto lenileni. Chida chikakhala kuti chikupangidwabe ndi kuyesedwa, manambala amene boma lapereka amakhala ongoyembekezera. Wopanga chida akadzapeza kuti chikutentha kwambiri kuposa mmene ankaganizira, paipi ya madzi iyenera kukula. Paipi ikakula, bowo limene imadutsira pakhoma liyenera kukula, pampu iyenera kusintha, magetsi a pampuyo asintha, ndipo kulemera konse kwa sitima kwasuntha pang'ono. Radar imakhala pamwamba, ndiye kulemera kulikonse kowonjezera kumeneko kumakhudza mmene sitima imadzukira ikapendekeka ndi mafunde. Bokosi likhoza kufika pa tsiku lake ndendende, koma ngati mapulani ake anasintha katatu m'njira, chiwonongeko chinachitika kale.

Sitima yonyamula ndege ya Gerald R. Ford ndi chitsanzo chimene aliyense wophunzira nkhaniyi amakumana nacho. Inapangidwa ku Newport News m'chigawo cha Virginia, pa kontirakiti ya mu 2008. Boma linaganiza zoikamo nthawi imodzi zida zingapo zatsopano kotheratu: makina oulutsira ndege oyendera mphamvu ya magetsi ndi maginito otchedwa EMALS, makina atsopano ogwirira ndege ikamatera, onse awiri ochokera ku General Atomics, ndiponso radar yotchedwa Dual Band Radar. Zonsezi zinali zoperekedwa ndi boma, ndipo zinali zisanakhwime pamene sitima inayamba kumangidwa. Makina oulutsira ndi ogwirira ndege ankayesedwa pamtunda ku Lakehurst m'chigawo cha New Jersey nthawi yomweyo imene anzake ankamangiriridwa m'sitima, moti cholakwika chikapezeka ku Lakehurst, ku Newport News ankayenera kumasula zomwe amanga kale. Ofesi yochita kalondolondo wa ndalama za boma, GAO, inachenjeza za zimenezi mobwerezabwereza. Sitimayo inayenera kuperekedwa mu 2015 koma inaperekedwa mu 2017, ndipo mtengo wake unafika pafupifupi madola 13 biliyoni. Radar ija inathera pa sitima imodzi yokhayo, chifukwa yotsatira yake, John F. Kennedy, anaisankhira radar ina.

Ndisanamizire GFE zonse, chifukwa nkhani ya Ford ili ndi mbali ina yofunika kuinena. Zikepe 11 zokwezera mabomba ndi mizinga kuchokera kunkhokwe za pansi, zimene zinavuta kwambiri mpaka chomaliza chinatha mu December 2021, sizinali zoperekedwa ndi boma. Zinali m'manja mwa kampani yopanga sitima, ndipo zinalibe malo oyeserera pamtunda zisanaikidwe. Choncho kupereka chida kwa kampani sikuchiza matenda. Chimene chimapweteka ndi kumanga sitima mozungulira chinthu chimene sichinayesedwe mokwanira, kaya wachigula ndi ndani. Kusiyana kwake n'kwakuti chidacho chikakhala cha boma, ngongole ya kuchedwa imagwera boma mosakayikitsa.

Lamulo limanena zimenezi mosabisa. Ndime ya 52.245-1 ya malamulo ogulira zinthu aja, imene imalowa m'makontirakiti okhala ndi katundu wa boma, imati boma likalephera kupereka katunduyo pa nthawi yake, kapena likapereka katundu wosayenera ntchito imene anafunira, kampani ikhoza kulemba kalata yopempha kuti mtengo ndi masiku a kontirakiti zikonzedwenso mwachilungamo. Papepala zikuoneka zosavuta. Pamalo a ntchito mpamene pamabuka kulozana zala. Kampani imati chida chanu chinachedwa miyezi itatu, ndipo kuchedwako kunasokoneza ntchito zina zambiri, tilipireni zonse. Boma limayankha kuti chinachedwadi, koma ngakhale chikanafika pa tsiku lake inu munali musanamalize chipinda chake, munalibe owotcherera okwanira. Nthawi zambiri onse awiri amakhala akunena zoona, ndipo kulekanitsa kuchedwa kwa uyu ndi kwa uyo pa ntchito ya anthu masauzande ambiri n'kovuta zedi. M'zaka za m'ma 1970 mikangano yotereyi inakula moopsa. Pofika mu 1978, ndalama zimene makampani opanga sitima, makamaka Litton, Electric Boat ndi Newport News, ankafuna kwa asilikali a pamadzi zinali pafupifupi madola 2.7 biliyoni. Zifukwa zinali zambiri, kuphatikizapo kukwera mitengo kwa zinthu, kusinthasintha mapulani, ndi zofooka za makampaniwo, koma kuchedwa kwa zida ndi mapulani a boma kunali m'gulu la madandaulo. Anagwirizana kunja kwa khoti chaka chomwecho, Admiral Hyman Rickover, amene anali mkulu wa ofesi ya Naval Reactors, akutsutsa mwamphamvu kuti boma likulipira zosayenera.

Tibwerere pa tsiku limene bokosi lafika pageti. Kuyambira pamenepo katunduyo ndi wa boma koma ali m'manja mwa kampani, ndipo kampani iyenera kumusamala ngati wosunga chuma cha wina. Oyang'anira amatsegula, amawerenga, amaona ngati chawonongeka m'njira, ndipo chosowa kapena chophwanyika amachinena msanga polemba. Kunena msangaku n'kofunika kwa onse awiri, chifukwa chilema chikadzaoneka patapita chaka, palibe amene angatsimikize ngati chinabwera nacho kapena chinachipeza kunkhokwe. Chidacho chimalembedwa m'kaundula wosiyana ndi wa katundu wa kampani. Zida zambiri zodula zimakhala ndi kachizindikiro ka timadontho kowerengedwa ndi makina, kopereka nambala imene palibe chida china padziko chili nayo, kuti chizitsatidwa kuyambira kufakitale mpaka tsiku lochitaya. Kampani iyeneranso kuwerenga katunduyo nthawi ndi nthawi, kuyang'anira makampani ang'onoang'ono amene yawapatsirako, ndi kuonetsetsa kuti chida cha sitima iyi sichikugwiritsidwa ntchito pa kontirakiti ina popanda chilolezo.

Kusunga si kungotsekera m'nyumba. Zida zamagetsi zimafuna malo ouma ndi ozizira, pomwe malo opangira sitima ali m'mphepete mwa nyanja, mpweya wake ndi wamchere. Makina ozungulira amafuna kutembenuzidwa ndi kuthiridwa mafuta ngakhale asakugwira ntchito. Ndipo chida chikamangiriridwa m'sitima chiopsezo sichitha, chimangokula: pamwamba pake pali wina akuwotcherera, pambali wina akupala chitsulo, fumbi lachitsulo likulowa paliponse. Apa mpamene zimaonekera kuti kufika msanga nakonso ndi vuto. Chida chikabwera zaka ziwiri nthawi yake isanakwane, chitsimikizo cha wopanga chakuti adzakonza ulere chikawonongeka chikhoza kutha chisanayatsidwe ndi kamodzi komwe, ndipo makompyuta ake amakhala atayamba kale kukalamba.

Nanga chikawonongeka kapena kusowa, alipira ndani? Ambiri amadabwa akamva kuti pa makontirakiti ambiri akuluakulu boma limadzisenzetsa lokha chiopsezo chimenechi. Maganizo ake ndi akuti kampani ikauzidwa kuti idzalipira, idzagula inshuwalansi yodula n'kuika mtengo wake pa kontirakiti, ndiye boma lilipirabe. Koma chitetezochi chili ndi malire. Akuluakulu a kampani akachita dala zosayenera kapena akachita zinthu mopanda chilungamo, kapenanso boma likapeza kuti kasungidwe ka katundu n'kosalongosoka ndipo kampani sinakonze itauzidwa, boma likhoza kuchotsa chitetezocho. N'chifukwa chake kaundula amene amaoneka ngati ntchito yotopetsa ya makalaliki ali ndi ndalama zambiri kumbuyo kwake. Ndipo kufooka sikuli kwa makampani okha. Unduna wa zachitetezo wa America unayamba kuunikidwa mabuku ake onse a chuma mu 2018, ndipo chimodzi mwa zofooka zazikulu zimene ofufuza akhala akutchula ndi chakuti undunawo sutha kufotokoza mokwanira katundu wake amene ali m'manja mwa makampani. Mwini katundu amene alibe kaundula wakewake amangodalira zimene wosunga wamuuza.

Mbali ya boma nayo si munthu mmodzi. Ofesi imene ikugula sitima, yomwe imagwira ntchito ndi Naval Sea Systems Command, nthambi ya asilikali a pamadzi a America yoona za sitima, si imene imagula radar kapena mawailesi. Chida chilichonse chili ndi ofesi yake, bajeti yake, kontirakiti yake, ndi sitima zina zambiri zimene zikuchidikira. Mkulu wa ntchito ya sitima ndiye analonjeza tsiku kwa kampani, koma alibe mphamvu yolamula fakitale imene ikupanga chidacho. Amadalira mgwirizano wolembedwa pakati pa ofesi yake ndi maofesi enawo. Bajeti ya radar ikadulidwa chaka chino, kapena sitima imene ili kale kunkhondo ikafuna chida chomwecho mwachangu, sitima yomangidwayo ndi imene imadikira. Pamalo opangira sitima pamakhala ofesi ya boma yotchedwa Supervisor of Shipbuilding, imene ili ku Bath, ku Groton, ku Newport News ndi ku Pascagoula. Anthu a ofesi imeneyi ndi amene amaona ndi maso kuti chafika n'chiyani, chasowa n'chiyani, ndipo ndi amene amayamba kulandira kalata ya dandaulo.

Dziko likamagula zida kunja, unyolo umatalika. Sitima zitatu za Australia za mtundu wa Hobart, zomwe yoyamba inayamba ntchito mu 2017, zinalumikizidwa ku Osborne pafupi ndi Adelaide, pa mapulani a kampani ya ku Spain ya Navantia, koma makina a Aegis anagulidwa kudzera ku boma la America pa ndondomeko ya Foreign Military Sales. Pa kugula kotere, boma logula silikhala ndi kontirakiti ndi fakitale. Limagwirizana ndi boma linzake, limene limakagula m'malo mwake. Pamwamba pa izo pali malamulo a America oletsa kuonetsa mapulani a zida kwa anthu osaloledwa, choncho ngakhale injiniya amene akufunika kudziwa kukula kwa bowo ayenera kukhala wovomerezeka asanaone pepala.

Mayeso ndiwo amaulula zonse. Makina akayatsidwa n'kukana kugwira ntchito, funso loyamba limakhala lakuti vuto lili m'bokosi kapena m'waya wopita ku bokosilo. Likakhala m'bokosi ndi la boma, likakhala m'waya ndi la kampani, ndipo likakhala pa mfundo yolumikizira, pamene mapulani a boma ananena china, a kampani anamva china, ndi la onse ndiponso la palibe. Sitima ikapita kukayesedwa panyanja, bungwe la asilikali a pamadzi a America loyendera sitima, la Board of Inspection and Survey, limalemba zolakwika zonse, ndipo chilichonse chimapatsidwa mwini wake woti akonze. Zimene boma silinathe kupereka pa nthawi yake nthawi zambiri zimakankhidwira ku nyengo yokonzanso sitima itaperekedwa kale. Sitima yankhondo ya America ya Zumwalt inafika pamapeto penipeni pa njira imeneyi: chigoba ndi injini zake zinalandiridwa mu 2016, koma inalandiridwa komaliza ndi zida zake zankhondo mu 2020.

Kwa ine, ofesi imene ikuyendetsa bwino GFE imadziwika ndi zinthu zosaoneka zapamwamba. Imasankha chida ndi chida ngati n'koyeneradi kuti boma lichigule, m'malo mongotengera ndandanda ya sitima yapitayo. Silonjeza tsiku kwa kampani isanaone kuti fakitale ya chidacho yasainira tsiku logwirizana nalo. Imatseka mapulani a polumikizira msanga, ndipo chida chikakhala kuti sichinakhwime, imasiyiratu malo, magetsi ndi madzi ozizira owonjezera, kapenanso njira yochilowetsera mochedwa popanda kudula sitima pakati. Ikadziwa kuti chida chichedwa imanena nthawi yomweyo, chifukwa kampani yochenjezedwa miyezi isanu ndi umodzi pasadakhale ikhoza kusintha dongosolo la ntchito, pamene youzidwa sabata yomweyo imangolemba kalata yofuna ndalama.

Sitima ikachoka, ntchito ya katunduyu imakhala isanathe. Kunkhokwe kumatsala zosinthira zosagwiritsidwa ntchito, zida zoyesera, zonyamulira zapadera, ndi zida zowonongeka zimene zinachotsedwa m'sitima. Zonsezo n'za boma. Kampani iyenera kuziwerenga komaliza n'kupereka ndandanda, ndipo boma liyenera kunena ngati zipite ku sitima yotsatira, zibwerere kunkhokwe zake, zigulitsidwe, kapena ziphwanyidwe kuti zisagwirenso ntchito yankhondo. Boma likachedwa kuyankha, katunduyo amangokhala akudya malo, ndipo kontirakiti singatsekedwe mpaka chida chomaliza cha m'kaundula chitadziwika kumene chapita.